Maphunziro a ana athu pa tchuthi chikubwerachi

Malume aakulu: Abale nonse, malipoti a ana athu a Sitandade 5 ndi 6 sanandisangalatse, makamaka pa masamu. Ndikupempha kuti pa tchuthi tiwasonkhanitse kwa agogo, ndipo achemwali, poti ndinu mphunzitsi, mutitsogolere.

Azakhali: Ndavomera achimwene, koma tisawakhazike pamkeka n'kumawalembetsa manotsi tsiku lonse. Anawa si mbuli ayi. Anazolowera kuphunzira m'Chichewa m'makalasi oyambirira, ndiye pofika Sitandade 5, pamene zonse zikuperekedwa m'Chingerezi, amangoloweza mawu osawamvetsa. Mwana yemwe uja amalephera masamu ogawa pa pepala ndinamuona padoko akuthandiza amayi ake kuunjika usipa m'milu, ndipo chenji ankabweza osaphonya ngakhale kwacha imodzi. Tiyambire pa zimene akudziwazo: ndowa ya usipa itulutsa milu ingati, phindu litsala lotani tikachotsa ndalama yogulira, thandala loyanikapo usipa ndi lalitali mamita angati. Aphunzitsife njira yogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi timaitcha TALULAR.

Malume aakulu: Nkhawa yanga ndi yakuti mayeso a MANEB a Sitandade 8 sadzabwera ndi usipa. Kodi sitiwachedwetsa?

Azakhali: Sitiwachedwetsa. Akamvetsa funso ndi manja awo, tidzalilemba m'Chingerezi monga limabwerera pa mayeso, kenaka aliyense afotokozere anzake mmene wapezera yankho, chifukwa mwana amene watha kufotokoza saiwala msanga.

Alamu: Ine ndiwatenga Loweruka lina kupita ku boma, ku Mangochi. Tikaima pa mlatho wa Bakili Muluzi kuti aone okha mtsinje wa Shire ukuyenda kuchokera m'nyanja ya Malawi kulowera ku Malombe, zimene amangoziona pa mapu. Tikaonanso nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria ndi nyumba yosungira zinthu zakale, kumene akamve chifukwa chake tauni yathu inkatchedwa Fort Johnston.

Mayi aang'ono: Agogo ndawauza, ndipo akondwera kwambiri. Akuti madzulo aziwasimbira nthano, ana azilemba m'mawa mwake m'mawu awoawo. Ine ndigula makope ndi choko, ndipo thabwa lakale lija tilipake utoto wakuda likhale bolodi.

Malume aakulu: Zamveka, ndakhutira. Banja lililonse litumize ufa ndi ndalama ya thiransipoti kwa mayi aang'ono sukulu zisanatseke, ndipo achemwali mutilembere pano masiku ndi nthawi zoyambira.