Bilu ya madzi yakwera kawiri pamene kapinga akupitirira kuuma

Bambo Mbewe, Randburg

Ndakupatsani moni nonse anzanga osamalira madimba. Ndikupempha nzeru pa vuto limene landigwera pa nyumba imene ndimagwirapo ntchito. Kwa miyezi iwiri tsopano bilu ya madzi yabwera yokwera kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi mmene imakhalira, ndipo abwana akuganiza kuti ndi ine amene ndikuthirira mopitirira muyezo. Chodabwitsa ndi chakuti kapinga wa kutsogolo akuuma ndithu, pamene ine ndikutsatira lamulo la Johannesburg Water, bungwe loona za madzi mumzinda uno, loletsa kuthirira ndi paipi kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, lomwe limagwira ntchito kuchokera pa 1 Sepitembala kufika pa 31 Malichi. Makina othirira amayaka okha usiku katatu pa sabata. Kodi ndiyambire pati kufufuza?

Bambo Nkhoma, pulambala, Roodepoort

A Mbewe, musanasinthe chilichonse pa kathiridwe kanu, yambani mwafunsa mita. Pemphani eni nyumba kuti atseke mipope yonse, asatsegule makina ochapira ndipo pasakhale wogwiritsa ntchito chimbudzi kwa mphindi 30. Lembani manambala onse a pa mita, makamaka ofiira aja amene amasonyeza malita, kenaka mudzawerengenso nthawi ikakwana. Ngati manambala asuntha, ndiye kuti madzi akutuluka penapake pamene simukupaona.

Mukatero, tsekani vavu imene imapatula madzi opita ku dimba ndipo mubwereze kuyesako. Mita ikaima, vuto lili m'mapaipi a kudimba. Ikapitirira kuyenda, lili m'nyumba, ndipo malo oyamba kukayikira ndi thanki ya chimbudzi. Dontheretsanimo utoto wa zakudya pang'ono, ndipo ngati utotowo waonekera m'mbale pasanagujumulidwe, labala wa pansi watha. Muwauzenso abwana anu mwaulemu kuti paipi iliyonse yodontha kuseri kwa mita, mbali ya nyumba, ndi udindo wa mwini malo, ndiponso kuti mtengo wa madzi mumzinda uno umakwera masitepe: kilolita (malita 1,000) ya pamwamba imadula kuposa yoyamba, n'chifukwa chake kudontha kooneka kochepa kumafufumitsa bilu motere.

Mayi Nachisale, ogwira ntchito ku nazale, Fourways

Ndikugwirizana ndi Bambo Nkhoma, koma ndikufuna ndionjezere za kapingayo. Ambiri mwa ife timathirira pang'onopang'ono kawirikawiri, ndipo mizu imazolowera kukhala pamwamba pamene dzuwa limaiwotcha msanga. Kapinga wa kikuyu amapirira kwambiri ngati mumuthirira mokwanira kamodzi kapena kawiri pa sabata, ndipo mukamatchetcha musamumete mpaka pansi. M'nyengo yozizira amauma mwachibadwa chifukwa cha chisanu, ndipo amaphukanso yekha mvula ikayamba mu Okutobala, choncho kumuthirira kwambiri mu Julayi ndi kutaya madzi chabe.

Udzu umene mwatchetcha pamodzi ndi masamba ogwa musatayire m'matumba. Yalani m'mabedi a maluwa monga mmene timaphimbirira chimanga kumudzi mu ulimi wa mtayakhasu, ndipo mudzaona kuti dothi likukhala lachinyontho masiku angapo.

Bambo Gondwe, Kempton Park

Anzanga, mundilole ndinene chinthu chimene chimandivutitsa mumtima, chifukwa nkhaniyi ikuposa bilu ya nyumba imodzi. Mzinda wa Johannesburg unayamba mu 1886 chifukwa cha golide, osati chifukwa cha mtsinje, ndipo uli pamtunda wa mamita oposa 1,700. Madzi amene timatsegula pampope amachokera ku damu la Vaal kumwera, bungwe la Rand Water limawayeretsa ku Vereeniging ndi ku Zuikerbosch, kenaka amapopedwa kukwezedwa mtunda ndi magetsi ambiri. Ena mwa madziwo amayambira kutali kwambiri, ku mapiri a Lesotho, kudamu la Katse ndi la Mohale, ndipo tonse tikukumbukira kuti ngalande ya pansi pa mapiri imene imawabweretsa inatsekedwa kuti ikonzedwe kuyambira mu Okutobala 2024 mpaka mu Meyi 2025. Amene tinalipo mu 2016 tikukumbukiranso mmene damu la Vaal linatsikira kufika pafupifupi kota.

Ife amene tinakulira pafupi ndi nyanja tikhoza kuganiza kuti madzi sangathe, koma kuno dontho lililonse layenda ulendo wautali. Ndimamva chisoni ndikaona makina akuthirira khoma ndi msewu mvula ikugwa, pamene abale athu m'madera ena akudikira galimoto ya thanki ndi zigubu m'manja. Paipi ndi tayima yoyatsa makina othirira zili m'manja mwathu ife a m'madimba, choncho tili ndi mphamvu yosintha zambiri kuposa mmene timadziganizira.

Bambo Mbewe, Randburg

Zikomo kwambiri nonse. Ndachita monga munanenera, Bambo Nkhoma. Mipope yonse itatsekedwa, mita inayenda malita 15 pa mphindi 30, ndipo nditatseka vavu ya kudimba inaima nji. Ndinayenda motsatira mzere wa paipi mpaka ndinafika kuseri kwa mpanda wa maluwa, pafupi ndi bokosi lobiriwira la mavavu, pamene ndinapeza dothi lofewa loti nsapato ikulowa, ndere zitamera, ndiponso udzu wobiriwira kwambiri kusiyana ndi kwina konse. Nditakumba ndinapeza kuti muzu wa mtengo wakankha paipi yakuda ija mpaka cholumikizira chang'aluka.

Bambo Nkhoma, pulambala, Roodepoort

Mwagwira ntchito yabwino, achimwene. Awerengereni abwana anu motere: malita 15 pa theka la ola ndi malita 720 pa tsiku, kutanthauza malita oposa 21,000 pa mwezi, ndipo madzi amenewa amatuluka usana ndi usiku chifukwa mng'aluwo uli madzi asanafike pa mavavu a m'bokosi aja, pamene paipi imakhala yodzaza nthawi zonse. Izi zikufotokozanso kuuma kwa kapinga, popeza makina akayaka mphamvu ya madzi imathera pa mng'alupo ndipo timipopi takutali timangolavula pafupi. Dulani chigawo chong'alukacho, muikepo paipi yatsopano ndi zolumikizira ziwiri zomanga bwino, ndipo muipatutse pang'ono kuti italikirane ndi muzuwo. Musakwirire dzenje musanayesenso mita.

Mayi Nachisale, Fourways

Popeza tsopano abwana anu aona kuti mumasamala katundu wawo, ino ndi nthawi yabwino yowapempha thanki yokololera madzi a mvula. Milimita imodzi ya mvula pa denga la sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi, choncho denga la masikweya mita 100 likhoza kupereka malita pafupifupi 2,000 pa mvula imodzi ya mamilimita 20. Muwapemphenso kachipangizo kozimitsa makina mvula ikagwa, ndipo pamalo pamene kapinga amavuta mubzale zomera zosafuna madzi ambiri monga spekboom kapena agapanthus.

Bambo Mbewe, Randburg

Paipi ndalumikiza ndipo mita sinasunthe kwa ola lathunthu. Tayima ndaisintha kuti izithirira kawiri pa sabata, 4 koloko m'bandakucha. Za thanki abwana avomera, koma akufuna kudziwa kukula koyenera, choncho mawa ndiyeza denga la galaja ndipo ndidzabwera ndi miyezoyo kuti mundithandize kuwerengera, Mayi Nachisale.