Ma shock a Benz W123 ya 1979: nditenge olimba kapena ofanana ndi akufakitale?

Mwini240D

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi Mercedes-Benz 240D ya 1979, ija ya mtundu wa W123, saluni. Injini ilibe vuto, koma kayendedwe ndiye kasokonekera. Ndikakwera hampu kumbuyo kumadumpha kangapo kusanakhazikike, ndikaponda buleki mwamphamvu kutsogolo kumagwada, ndipo pamsewu wa mabampu chiwongolero chimanjenjemera m'manja. Shock yakumbuyo kumanzere yanyowa ndi oyilo mpaka pansi. Chinanso, galimoto ikaima pamalo athyathyathya kumbuyo kumaoneka kotsika, matayala atapendekera mkati chakumwambaku.

Wogulitsa masipeya wandionetsa mitundu itatu ya ma shock: Bilstein B4, Bilstein B6 ndi KYB. Mnzanga akuti nditenge B6 poti ndi yolimba, ikweza kumbuyoko. Palinso bambo wina ali ndi ma shock a Sachs akalekale osagwirapo ntchito, akadali m'katoni mwake, akuti enieniwo ndi amenewo. Galimotoyi sindithamanga nayo, katundu wolemera sindinyamulirapo. Ndikungofuna iziyenda mofewa monga inkayendera Benz ya nthawi imeneyo. Nditenge ati? Nanga ndingasinthe kaye yakumanzere yokhayo?

Sipanala13

Bambo, mnzanuyo waphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Chimene chimanyamula galimoto ndi sipuling'i. Ntchito ya shock ndi kuletsa sipuling'iyo kuti isapitirize kuvina ikakankhidwa. Mkati mwake muli pisitoni imene imakakamiza oyilo kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndiye mphamvu ya kudumphako imathera pomwepo, kusanduka kutentha. Choncho kudumpha ndi kugwada kuja ndi ma shock ndithu, koma kutsika kwa kumbuyo si mlandu wawo. Shock yagasi yatsopano imakankhirako m'mwamba, inde, koma ndi mamilimita ochepa, ndipo B6 siidzawongola matayala apendekerawo.

Pa W123 kumbuyo kukatsika mumayang'ana masipuling'i ngati afooka kapena kuthyoka chakumapeto, malabala okhala pamwamba pa masipuling'iwo, mabushi a subframe (chitsulo chachikulu chonyamula sasipenshoni yakumbuyo), ndi labala wogwira difu. Malabala apamwamba aja Mercedes inkawapanga ena opyapyala ena okhuthala, ndipo mumawazindikira powerenga timibulu ta m'mbali mwake. Akumbuyo amakhala a kambulu kamodzi, tiwiri kapena titatu. Ndi malabala amenewa, osati ma shock, amene akufakitale ankakonzera msinkhu wa galimoto.

Musanagule chilichonse, tsekulani boneti muone ngati muli kathanki ka oyilo wa haidiroliki ka sasipenshoni. Ma W123 aja a siteshoni wagoni, omwe anayamba kutuluka mu 1978, onse anali ndi makina odzikwezera okha kumbuyo, ndipo saluni zina anaziika makinawo mwini akapempha. Ngati yanu ili nawo, zomwe zili kumbuyozo si ma shock wamba, ndipo zitatu zomwe mwaonetsedwazo palibe cholowapo. Zikatero, kudumphako kungakhale kuchokera ku timipira tachitsulo tosunga naitirojeni titaphwa.

Ngati kathankiko kulibe, ine ndikuti tengani B4, ngakhale nayo ndi yagasi. Anthu ambiri akamva kuti "yagasi" amaganiza kuti ndiye yolimba basi. Ayi. Gasiyo amangopanikiza oyilo kuti asachite thovu akatentha, chifukwa oyilo wathovu pisitoni imangodutsamo osagwira kanthu. Nzeru imeneyi inachokera kwa Mfalansa wina, Bourcier de Carbon, ndipo Mercedes inayamba kuika ma shock otere a Bilstein pa magalimoto ake mu 1957. Ndiye kuti Benz zofewa zija mumazikumbukirazi zinkayendera ma shock agasi kale. Kulimba kapena kufewa kumachokera ku mavalavu a pa pisitoni. B4 mavalavu ake anawakonza kutsanzira akufakitale, pomwe B6 anaiumitsa dala. Galimoto yazaka zoposa 40, mabushi ake atatopa, mukaiika shock youma nkhonya zonse za msewu zimakathera pa mabushiwo ndi pa chitsulo chimene shock imamangidwapo pamwamba. Ngati pamenepo padyedwa kale ndi dzimbiri, mudzamva zitseko ndi dashibodi zikuyankhulana.

Za KYB, mufunseni wogulitsayo kuti ndi iti. Excel-G ndi ya machubu awiri ndipo njofewerapo, Gas-a-Just ndi ya chubu chimodzi ndipo njouma. Ndi kampani yodalirika ya ku Japan, sindikuinyoza, koma pa Benz yakale ine mtima umakhala pansi ndi B4.

A Sachs a m'katoniwo asiyeni. Dzinalo ndi labwino, koma labala wotseka oyilo amauma ngakhale shock isanagwirepo ntchito, ndipo gasi amatha pang'onopang'ono. Mukafuna kudzionera nokha, ikanikizeni pansi n'kuisiya. Yagasi yamoyo imadzitambasula yokha mpaka kumapeto.

Kusintha imodzi yokha musayerekeze. Mbali ina ikamagwira ina ikulekerera, galimoto imapotoka mukaponda buleki pakona. Ziwiri zakumbuyo zipite limodzi, ndipo mmene mwafotokozera za kugwadako, zakutsogolo nazo zatha.

Dizilo617

A Sipanala anena zoona pa za masipuling'i, koma pa B6 pokhapo ndisiyana nawo pang'ono. Yanga ndi 300D ndipo ili ndi B6 mbali zonse. Siimenya msana monga anthu amaopsezera. Chinsinsi ndi matayala: magalimotowa anabwera ndi 175 R14, tayala lalitali m'mbali limene limameza lokha mabampu ang'onoang'ono. Amene amadandaula kuti B6 njouma kawirikawiri ndi aja anaika malimu akuluakulu ndi matayala opyapyala. Pa ulendo wautali, anthu atadzaza kumbuyo, B6 imaigwira bwino galimoto pakona. Komabe poti inu mwati mukufuna kufewa ndipo simunyamula zolemera, sindikukakamizani.

Chimene ndalowera kwenikweni ndi chiwongolero chonjenjemeracho. W123 ili ndi shock yachisanu imene ambiri amaiiwala, yogona chopingasa pansi, yomangidwa ku ndodo za chiwongolero. Ikatha, bampu iliyonse imafika m'manja, ndipo ngakhale mutasintha zinayi zinazo kunjenjemerako sikuchoka. Imasuleni mbali imodzi muikoke ndi manja. Ikamatsetsereka yokha kapena kudumphira penapake, yatha. Muli pansi pomwepo gwedezaninso idler arm, kamkono kochirikiza ndodo za chiwongolero, mabushi ake nawo amatha mwakachetechete.

Ndipo pokagula tengani yakaleyo, muziike pambali ndi yatsopano, muone kutalika zitatambasuka ndi zitafinyika, komanso mabowo a mabawuti apansi. Katoni imatha kulembedwa W123 koma mkati muli zina.

Mwini240D

Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana m'boneti, kathanki ka sasipenshoni mulibe, ndipo matayala ndi 175 R14 omwewo. Nditenga B4 zinayi ndi ya chiwongoleroyo. A Sipanala, kodi ntchitoyi ndingaigwire ndekha pakhomo? Ndili ndi jeke yabwino ndi zochirikizira, koma chofinyira masipuling'i ndilibe.

Sipanala13

Ma shock okha mungathe, sipuling'i siichotsedwa. Kutsogolo shock ili payokha pambali pa sipuling'i, manati ake apamwamba ali m'boneti. Kumbuyo imadutsa mkati mwa sipuling'i, ndipo manati apamwamba mumawapeza mukachotsa chotsamira cha mpando wakumbuyo. Pansi pake ndi mabawuti awiri, imatulukira kunsi kwa mkono wa sasipenshoni.

Apa pokha mvetsetsani bwino, bambo. Pa galimotoyi shock ndiyo imaletsa mkono uja kuti usagwe kupitirira malire. Mukamasula nati yapamwamba tayala likulendewera, sipuling'i imakankha mkonowo ndi mphamvu yake yonse. Masulani manati apamwamba galimoto itaima pa matayala ake, kapena jeke itachirikiza mkonowo kunsi, ndipo pomanga muchitenso chimodzimodzi.

Pomasula ndi pomanga, ndodo yonyezimira ija musaigwire ndi pulayala. Kakukalika kamodzi kokha kamadya labala wotseka oyilo, shock yatsopano n'kuyamba kudontha. Kunsonga kwake kuli malo ogwirapo kuti isazungulire, gwirani pamenepo. Malabala ndi mawashala atsopano obwera m'katoni muwaike mwa dongosolo lomwe akalewo anakhalira, ndiye jambulani chithunzi musanachotse.

Masipuling'i ndi malabala ake apamwamba ndi nkhani ina. A Benz ndi aatali ndipo amakhala atafinyika kwambiri. Zofinyira wamba zokola kunja zimapulumuka, anthu avulala nazo. Pamafunika chija cholowa mkati mwa sipuling'i, chokhala ndi mbale ziwiri, ndiye ntchito imeneyo mupereke kwa makaniko amene ali nacho. Mukaika ma shock, yendani nayo pang'ono, muiimike pamalo athyathyathya, muyeze kuchokera pakati pa limu kufika m'mphepete mwa madigadi mbali zonse zinayi. Manambalawo mutiuze, tione ngati vuto lili pa masipuling'i kapena pa mabushi a subframe.