Mayi woyamwitsa akuopa kuchimbudzi: kodi ndi mudzi?

Nesi, Dedza: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mayi wa zaka 24, anachira miyezi iwiri ndi theka yapitayo, ndipo lero wabwera kachitatu. Akuti akamachita chimbudzi amamva ngati akumucheka ndi lezala, ululuwo nkukhalabe mpaka maola awiri. Magazi ndi ochepa, ofiira, amangowaona podzipukuta. Ulendo woyamba ndinaona kanyama potulukira chimbudzi, ndinati ndi mudzi, ndinamupatsa ma suppository, mankhwala olowetsa kotulukira chimbudzi. Palibe chasintha. Chandikhudza nchakuti wayamba kudya pang'ono dala kuti asamapite kuchimbudzi, chonsecho mwana ali kubere. Apongozi ake akuti Loweruka apita naye kukadula kanyamako ndi lezala.

Clinical officer, Zomba: Asisteri, ululu umenewo sukumveka ngati wa mudzi. Mudzi wa m'kati umatulutsa magazi koma kawirikawiri supweteka chonchi. Wakunja umapweteka magazi akaundana, koma pamenepo mumaona chotupa cholimba, chodera, chobwera mwadzidzidzi. Kuchekedwa pochita chimbudzi nkumapwetekabe atachoka, imeneyo ndi fissure, mng'alu wa potulukira chimbudzi, mpaka titaona zina. Khungu lang'ambika, mnofu wotseka pamenepo ukukungika chifukwa cha ululu, magazi sakufika bwino, bala silikupola. Kanyamako kamamera kunsonga kwa bala likakhalitsa, ndipo nkomwe kamatipusitsa ambirife. Ngati akadalipo, mugonekeni chammbali, apinde mawondo, mutambasule matako pang'onopang'ono pali kuwala kokwanira. Chala musalowetse lero, angakuthaweni osabweranso.

Mzamba, Mchinji: Mufunseninso ngati akumwa ferrous, mankhwala owonjezera magazi aja. Amayi athu timawapatsa akachira, koma ndi angati timawauza kuti imadzimbitsa?

Nesi, Dedza: Akumwa, mayi, magazi anali otsika potuluka ku maternity. Ndamuonanso monga mwanenera achimwene. Balalo lilipodi, kamng'alu kakang'ono pakatikati, chakutsogolo, kanyama kaja kali kunsonga kwake. Ulendo woyamba uja sindinatambasule bwino, ndinangoona kanyama basi.

Clinical officer, Zomba: Ndi yomweyo. Zambiri zimakhala pakati chakumsana, koma kwa amayi amene angochira kumene ya kutsogolo si yachilendo. Ikanakhala chammbali, kapena mabala angapo, bwenzi tikuganiza za HIV, chindoko kapena TB. Onanibe mu health passport kuti anayezetsa liti. Komanso mutsimikize kuti palibe kutentha thupi kapena chotupa chotentha pambali. Chithupsa cha pamenepo sichimva ma antibiotic okha, chimafuna kutumbula mafinya atuluke, ndipo chikachedwa chimasiya fistula, kanjira kochucha mafinya pambali pa potulukira chimbudzi.

Wa ku pharmacy, Kasungu: Ferrous asasiye, magazi akuwafuna. Koma chimbudzi chifewe, apo ayi bala lizing'ambikanso m'mawa uliwonse. Lactulose, wofewetsa chimbudzi, ngati muli naye ndi wabwino kwa woyamwitsa. Lignocaine gel wochititsa dzanzi azipaka asanapite kuchimbudzi, paracetamol wa ululu. Codeine ndi tramadol ayi ndithu, amadzimbitsa, ndiponso si abwino kwa mwana woyamwa. Mafuta a GTN kapena diltiazem amamasula mnofu uja, amapakidwa masabata 6 mpaka 8, koma kumahealth centre sapezekapezeka, GTN amapweteketsanso mutu. Zimenezo akaganizire a ku district poti mayiyu akuyamwitsa.

Mzamba, Mchinji: Ine pa amayi otere ndimakhalira pa zakunyumba, chifukwa mankhwala akatha nzimene zimatsala. Beseni la madzi ofunda, osati otentha, akhalemo mphindi 10 kapena 15 akachoka kuchimbudzi ndiponso madzulo. Aziyeretsa ndi madzi, asiye zitsononkho ndi mapepala okhakhala. Nsima ikhale ya mgaiwa, ufa woyera aupumitse kaye. Nkhwani, bonongwe, therere, nyemba, papaya wakupsa. Madzi ndiye nkhani yaikulu: woyamwitsa amataya madzi ambiri, ndiye ndimawauza kuti mwana akangogwira bere, kapu ya madzi ikhale pambali. Ndipo chimbudzi chikabwera asachisunge, asakakamizenso, asakhalitse atanjuta.

Za apongozizo musazitenge mopepuka. Ndinalandirapo mayi wodulidwa kumudzi, chitenje chili chonyowa magazi, patapita masiku bala linadzaza mafinya. Musawakalipire, aitaneni m'chipinda muwafotokozere kuti vuto ndi bala, kanyamako kangokhala chizindikiro. Ndi iwo amaphika pakhomopo, mgaiwa uja ukadutsa m'manja mwawo.

Clinical officer, Zomba: Mumuonenso pakatha masabata awiri. Bala lakhalitsa kale ili, ndiye ngati sipakusintha mulembereni referral, asadikire miyezi. Zina zimathera ku opareshoni yaing'ono yomasula mnofuwo, koma kwa mayi wongochira kumene madokotala amasamala nayo kwambiri kuopa kuti angamalephere kusunga mpweya kapena chimbudzi.

Nesi, Dedza: Zikomo nonse. Lactulose ndapeza botolo limodzi, gel alipo. HIV anayezetsa ku postnatal, alibe. Apongozi ali panja ndi mwana, ndawatumira mlonda kuti alowe.