Shedi ya nsapato za holoselo pa Nchalo: timange bwanji kuti madzi ndi kutentha zisawononge katundu?

NaBanda wa pa Nchalo

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Timaoda nsapato ku Limbe n'kumapikulitsa kwa a magolosale ndi mavenda kuyambira pa Dyeratu mpaka ku Nsanje boma. Tapeza puloti ya mamita 30 kwa 40 chapafupi ndi msewu wa M1, ndipo tikufuna kumangapo shedi ya mamita 12 kwa 24. Katundu akachuluka amafika mapeya 15,000: nsapato za sukulu ndi za kuntchito za m'makatoni ngati 6,000, zotsalazo ndi masilipasi, masandasi a pulasitiki ndi majombo. Forklift (kagalimoto konyamulira katundu) tilibe, ndi anyamata anayi ndi wilibala basi. Kodi kukula kumeneku kukwana? Pansi tikweze bwanji? Nanga mkatimo tiyale motani kuti masaizi asamasokonekere?

Mmisiri wa ku Ngabu

Mayi, za mashelefu ziyambe zadikira. Pitani kaye papulotipo ndi anthu achikulire oyandikana napo, akuonetseni pamene madzi analekeza mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi ya Freddy mu Malichi 2023. Musafunse wogulitsa malo, iyeyo adzati pano sipafika madzi. Onani makoma a nyumba zakale, mzere wa matope umatsala. Chizindikiro chapamwamba kwambiri mwa zinayizo muchikhomere chikhomo, ndipo simenti ya pansi pa shedi ikhale masentimita 60 pamwamba pa chikhomocho. Ngati kuti mufike pamenepo pakufunika kukweza kupitirira mita imodzi ndi theka, puloti imeneyo isiyeni, ndalama yothira dothi idzaposa yogulira malo ena.

Samalaninso ndi msewu womwe mukuukondawo. M1 ndi yokwezedwa, ndiye mvula ikachuluka imakhala ngati khoma la damu, madzi amaunjikana mbali imodzi kudikira kalavati. Puloti yoyandikana ndi kalavati imamira msanga kuposa ina ya mamita 200 kutsogolo.

Chachiwiri ndi dothi. Mbali zambiri za kuno, makamaka chaku Ngabu, ndi makande. Dothi limeneli limafufuma likanyowa, likauma limang'ambika mpaka dzanja kulowa, ndipo khoma lomangidwa pamwamba pake limachita ming'alu chaka chachiwiri chisanathe. Kumbani dzenje loyesera la mita imodzi ndi theka pa ngodya zonse zinayi. Ngati ndi makande, chotsani lakudalo mpaka mupeze lolimba, thirani girevulo masentimita 15 n'kutsendera ndi makina, kenako enanso 15, mpaka mufike mulingo. Kuthira mulu wonse kamodzi n'kupondaponda pamwamba ndiye kumene kumachititsa kuti silabu idzatitimire pakati. Maziko akhale a zitsulo, pakhale bimu pansi ndi ina pamwamba pa mazenera. Musanathire konkire poperani mankhwala a chiswe, yalani pepala la pulasitiki lokhuthala, kenako silabu ya masentimita 15 ya waya mkati, yodulidwa mizere pa mamita anayi kapena asanu alionse kuti ikafuna kung'ambika ing'ambikire momwemo. Kunja kuzungulira nyumba yonse ikani khonde la simenti la mita imodzi ndi theka lopendekera kunja, madzi a padenga asamalowe m'maziko.

Madzi okandira simenti alaweni. Mijigo ina ya kuno imatulutsa madzi amchere, ndipo mcherewo umadya zitsulo mkati mwa konkire. Ndipo ndi dzuwa lathuli, silabu muzithirira m'mawa ndi madzulo masiku asanu ndi awiri, itafunditsidwa masaka.

Kukwezako kuli ndi phindu lina: mukafika pafupi mita imodzi, khomo limalingana ndi thandala la lole ya matani atatu, makatoni amangotsetsereka osanyamula pamutu.

Che Sitoko

Amisiri anena za pansi, ine ndinene za kumwamba, chifukwa madzi amabwera chaka china, pomwe kutentha kumabwera chaka chilichonse. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumadutsa madigiri 40 pamthunzi, ndiye pansi penipeni pa malata opanda chotchinga ndi uvuni. Nsapato iliyonse imafa imfa yakeyake. Ya guluu, guluuyo amafewa soli n'kuyasama kutsogolo. Masilipasi opepuka aja a thovu amakwinyika ndi kupindika, moti saizi 8 imatuluka ngati 7, phazi lina lalikulu lina laling'ono. Soli ya PU (mtundu wa pulasitiki wotchedwa polyurethane), imene ili pa nsapato zambiri za sukulu ndi za kuntchito, imawonongeka ndi chinyezi chophatikiza ndi kutentha: m'bokosi imaoneka yatsopano, mwana akaivala sabata imodzi imanyenyeka ngati mbatata yophika. Zachikopa ndi zansalu zimachita chuku kuyambira Januwale mpaka Malichi.

Choncho khoma lifike mamita asanu, malata akhale oyera kapena owala, geji 28 kapena okhuthala kuposa apo, ndipo pansi pake muyale pepala lonyezimira lija lobweza kutentha, losiyana pang'ono ndi malatawo. Pamsonga pa denga pakhale potulukira mpweya kutalika konse kwa nyumba, m'munsi mwa makoma mukhale mabowo olowera mphepo otchinga ndi waya wa sefa chifukwa cha makoswe. Mpweya wotentha ukatuluka pamwamba umakoka wozizirirapo pansi, popanda magetsi. Musadalire mafani. Siteshoni ya magetsi ya Kapichira ili m'boma lathu lomweli koma namondwe Ana atawononga damu lake mu 2022 dziko lonse linakhala pa mdima wosinthana kupitirira chaka.

Utali wa shedi uloze kum'mawa ndi kumadzulo, kuti dzuwa likapendeka lizigunda khoma lalifupi. Kukhoma la kumadzuloko ikani ofesi ndi majombo, osati za PU. Malata oonekera aja anthu amaika padenga kuti muziwala, musaike. Amalowetsa moto ndipo nsapato zokhala pansi pake zimasuluka mtundu. Kuwala kulowere m'mazenera a pamwamba pa khoma, pansi pa mthunzi wa denga.

Tsopano kukula. Katoni ya mapeya 12 imakhala pafupifupi masentimita 60 kwa 40. Paleti (thandala la matabwa losanjikapo katundu) ya mita 1.2 kwa mita imodzi imalandira makatoni asanu mzere umodzi, mizere inayi ndi makatoni 20, mapeya 240. Mapeya anu 6,000 ndi makatoni 500, mapaleti 25. Mapaletiwo okha akudya masikweya mita 30, ndi njira zomwe tinene 75. Shedi yanu ndi masikweya mita 288, ndiye malo alipo okwanira ndi otsala. Musapitirire mizere isanu, chinyezi chikalowa katoni imafewa ndipo ya pansi imaphwanyika pamodzi ndi mabokosi ake. Pakati pa katundu ndi khoma siyani theka la mita loti munthu azidutsa ndi tochi kuona njira za chiswe. Masaka a masilipasi nawonso pa paleti, osaposa masaka anayi, apo ayi a pansiwo amaphwatalala.

Kumene holoselo ya nsapato imaluza ndalama mwakachetechete ndi pa masaizi. Mitundu 40, uliwonse makaka atatu, masaizi asanu ndi limodzi, ndi zinthu 720 zosiyana zofuna malo ake. Dazeni ya abambo imabwera yosakaniza, mwachitsanzo 40 imodzi, 41 ziwiri, 42 zitatu, 43 zitatu, 44 ziwiri, 45 imodzi. Venda akaloledwa kusankha amatola 42 ndi 43, inu n'kutsala ndi mulu wa 40 ndi 45. Gawani shedi patatu. Mamita asanu oyamba kukhomo akhale olandirira, kuwerengera ndi kupakira, opanda chosungidwa. Pakati pakhale mashelefu a makatoni otsegula, akuya masentimita 60, otalika mamita awiri kuti munthu afikire popanda makwerero, njira za mita imodzi, shelefu iliyonse ndi nambala yake yolembedwa ndi penti, monga B-3-2, ndipo nambala yomweyo ikhale pa khadi la sitoko. Kumbuyo kukhale makatoni osatsegula. Mtundu uliwonse katoni yotsegula ikhale imodzi yokha, ndipo wosankha saizi alipire mtengo wokwererapo kuposa wotenga dazeni yathunthu. Katoni iliyonse ikamatsika mulole ilembedwe tsiku ndi cholembera chachikulu mbali yoonekera kunjira, yakale izituluka poyamba. Za PU zisagone chaka.

Ogula asalowe kupitirira kauntala. Zitsanzo zikhale phazi lamanzere lokha, linzake m'bokosi lolembedwa, ndipo muzizisintha mwezi uliwonse chifukwa la pakauntala limasuluka n'kusiyana ndi linzake.

NaBanda wa pa Nchalo

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndiye poti malo akutsala, sindingachepetse shediyo kukhala 12 kwa 18 kuti ndalama ina ipite ku maziko?

Wamalole Bangula

Mayi, pamenepo ine nditsutsana pang'ono ndi masamu a Che Sitoko. Iwo awerengera za m'makatoni zokha. Nsapato sizilowa mofanana chaka chonse. Za sukulu zimafunika zonse zikhale zafika mu Ogasiti sukulu zisanatsegule mu Seputembala, majombo mu Okutobala, za Khirisimasi mu Novembala, ndipo ndalama ya thonje ikayamba kuyenda m'midzi masandasi amatha ngati mchere. Kuwonjeza apo, mu 2022 M1 inaduka malo angapo m'Chikwawa muno, ndipo lole yolemera kutsika phiri la ku Thabwa mvula ikugwa si masewera. Wanzeru amadzaza shedi mu Disembala katundu wokwana mpaka Febuluwale. Ndiye ngati ndalama yavuta, mangani 12 kwa 18 koma khoma lakumbuyo likhale losanyamula denga, ndipo maziko muthiriretu a 24, mudzangogumula n'kuwonjezera.

Panja musapanikize. Kutsogolo kwa khomo siyani mamita 15 a girevulo wotsendera kuti lole itembenuke, geti la mamita asanu. Khomo la lole likhale lina, la ogula a kabaza ndi njinga zamoto lina, chifukwa pamene akutsitsa katundu anthu ali piringupiringu ndi pamene katoni imamera miyendo. Oda ya ku East Bank (tsidya la kum'mawa kwa Shire), makamaka yowolokera pa bwato pa Mtayamoyo kupita ku Makhanga, musaipake m'makatoni. Ikani m'thumba la pulasitiki, kenako m'saka, losapitirira makilo 25.

Che Sitoko

Za Disembala ndavomera, koma zodzazazo zikhale majombo ndi za pulasitiki. Zachikopa ndi za PU kuzisunga miyezi itatu ya chinyezi ndi kuziika m'manda, zimenezo muzitenga pang'onopang'ono. Ndipo popeza mphira ndi makatoni zikagwira moto sizizimitsika ndi ndowa, ikani zozimira moto za ufa za makilo 9, chimodzi pakhomo lililonse ndi china pakati, mawaya onse m'mapaipi. Pokalembetsa inshulansi muwerenge ngati madzi osefukira alimo, chifukwa pepala lina limangonena za moto ndi kuba.