Puloti pa Kampepuza: kalata ya agulupu ikukwana, kapena mpaka ku khonsolo?

Telala wa ku Nsipe (Rosettenville)

Moni nonse akwathu. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, mbali ya Nsipe, ndipo kuno ku Joni ndimasoka makatani pa shopu ina ku Fordsburg. Kandalama komwe ndakhala ndikusunga ndikufuna ndimangire sitolo ya zipinda ziwiri pa Kampepuza, china mayi a kunyumba azigulitsiramo, china tiikemo munthu wa lendi. Alamu anga apeza malo pafupi ndi msewu wa M1. Mwini malo akuti tikangolemberana pamaso pa agulupu, iwo n'kudinda chidindo, nkhani yatha, ndiyambe kukumba fandeshoni.

Mtima wanga sukukhazikika. Ndalamayi ndaipeza ndi msana, kuwerama pa makina mpaka usiku. Kodi kalata ya agulupu ndi yokwanira? Nanga khonsolo ya boma imalowapo pati, poti Kampepuza si tauni ngati Blantyre? Amene munamangapo kumudzi muli kuno, ndithandizeni ndisanatumize ndalama pa Mukuru.

Mkulu wa kwa Njolomole (Mayfair)

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanatumize. Ine ndisanabwere ku Joni kuno ndinakhalapo m'komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC) kwathu, ndiye ndikuuzani zomwe ndinaona.

Choyamba chotsani maganizo oti khonsolo ndi ya m'tauni mokha. Ntcheu yense, kuyambira Lizulu, Mlangeni, pa Boma, Kampepuza, Bawi, Manjawira mpaka kutsikira ku Kasinje ndi Sharpevale, ali pansi pa khonsolo imodzi ya boma la Ntcheu. Misika yonseyi ndi yake, ziphaso za mabizinesi zimachokera komweko. Chiyambire lamulo la maboma aang'ono la 1998, mphamvu zambiri zinatsikira kumeneko. M'khonsolomo mumakhala makhansala osankhidwa m'mawodi, aphungu a m'bomalo, ndi mafumu akuluakulu monga a Kwataine, a Makwangwala, a Ganya, a Champiti ndi anzawo, ngakhale mafumuwo savota. Ntchito ya tsiku ndi tsiku amayendetsa ndi a DC (bwanamkubwa wa boma) ndi maofesala awo, ndipo pakati pawo pali a zamalo ndi a mapulani. Amenewo ndiye anu.

Kalata ya agulupu ndi yofunika, musaipeputse. Ndiyo imachitira umboni kuti malowo ndi a munthu amene akukupatsaniyo. Koma siikuuzani ngati pamalopo m'pololedwa kumangapo sitolo. Mwati pafupi ndi M1. Auzeni alamu anu atenge tepi ayeze kuchokera pa mzere wapakati pa tala. Mamita 30 mbali iliyonse ndi malo a msewu, si a mfumu, si a wogulitsayo. Mukamanga m'menemo, tsiku lina mudzapeza khoma lalembedwa X wofiira, ndipo chipukuta misozi musachiyembekezere.

Chachiwiri, chomwe chimagwetsa ambiri a ife, ndi mbumba. Kwathu kuja malo ambiri amayenda kuchikazi. Mwamuna akhoza kumalima pamalo zaka zambiri pomwe eni ake enieni ndi alongo ake ndi ana awo. Ngati pa tsiku lolemberana sipakhala mwinimbumba ndi azilongo a wogulitsayo, inu mwagula mlandu. Aitanitseni, asaine nawonso, kapena adinde chala. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a zamalo m'midzi, wapampando wake ndi gulupu, kuti munthu athe kulembetsa malo ake. Funsani ku ofesi ya zamalo pa Boma ngati komiti ya dera lanu ikugwira ntchito, ndipo akuuzeni njira yopezera pepala la boma. Pulani ya nyumbayo mupite nayonso komweko isanayambe kumangidwa.

Nachisale wa pa Lizulu (Turffontein)

Zomwe anena akuluwa ndi zoona. Ine ndiwonjezere za malonda, poti ndakulira pa msika. Mayi anga amagulitsa kabichi ndi kachewere pa Lizulu, paja msewu ndiwo malire, tsidya lina Mozambique. Tsiku lililonse la msika munthu wa khonsolo amadutsa ndi kabuku ka matikiti, aliyense amene wayala katundu amadula. Ndalama imeneyo ndi yomwe imayenera kusesetsa msika, kukonza zimbudzi ndi kumanga mashedi. Anthu akamadandaula za zinyalala amakhala akunena za ndalama yawo yomwe, ndipo ine ndimawamvetsa.

Inu achimwene, musanasankhe puloti funsani kumene khonsolo ikufuna kuti msika ndi siteji ya maminibasi zidzakhale. Sitolo imadya anthu oyenda pansi. Msika ukasunthidwa pang'ono chabe, khomo lanu limasanduka kuseri, wa lendi n'kuthawa. Khansala wa wodi yanu zimenezi amazidziwa chifukwa zimakambidwa pa msonkhano wa khonsolo. Pezani nambala yake kudzera kwa akunyumba, muimbireni pa WhatsApp. Si chipongwe, ndi ntchito yomwe anapempha yekha pa kampeni.

Komanso muuze mayi a kunyumba kuti chiphaso cha bizinesi amadula chaka ndi chaka, asadzadabwe.

Wa ku Tsangano (Cosmo City)

Nkhani ya khansalayi imandikhudza. Tinakhala opanda makhansala kuchokera 2005 mpaka chisankho cha 2014, ndipo anthu anazolowera kuti chilichonse n'kwa aphungu kapena kwa amfumu. Mpaka lero ambiri kumudzi sadziwa kuti mjigo, mlatho kapena chipinda cha sukulu zimayenera kuyambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kukwera ku ADC, kenako ku khonsolo. Ife a ku Joni ndiye tili kutali kwambiri. Timatumiza ndalama za malata ndi feteleza, nyumba zambiri zatsopano m'misika ya kwathu ndi thukuta la kuno, koma kuvota sitingathe tili kunja, ndipo pa misonkhano ya chitukuko dzina lathu silimveka.

Kwathu mbatata ndi tomato zimatuluka zochuluka, zimadyetsa Blantyre ndi Lilongwe, koma mlimi amagulitsa motchipa nthawi ya dzinja chifukwa galimoto zimavutika kukwera. Ine ndinauza mng'ono wanga kuti alowe mu VDC ya m'mudzi mwathu, ndipo akakumana amanditumizira zomwe akambirana. A Telala, mukamanga pa Kampepuza mudzakhala wolipira msonkho wa khonsolo. Mayi a kunyumba asamasowe pa misonkhano ya komiti ya msika.

Telala wa ku Nsipe (Rosettenville)

Zikomo kwambiri nonse. Ndaimbira alamu madzulo ano. Akuti mwini malo ali ndi alongo awiri, mmodzi anakwatiwa ku Balaka, ndipo za kugulitsaku sanamve. Ndawauza kuti ndalama iyambe yadikira. Achikulire a ku Mayfair, ku Boma kuja alamu anga angapite okha, kapena mpofunika ine mwini?

Mkulu wa kwa Njolomole (Mayfair)

Kukafunsa ndi kukayeza angathe okha. Koma pepala lililonse lilembedwe m'dzina lanu kapena la mayi a kunyumba, ndi nambala ya chiphaso cha unzika, osati la alamu, ngakhale mumakhulupirirana chotani. Ndalama iliyonse yolipira ku khonsolo alandire lisiti ya boma, aijambule akutumizireni tsiku lomwelo. Mlongo wa ku Balakayo mutumizireni thiransipoti abwere adzakhalepo yekha. Ngati mukupita kumudzi Disembala uno, tsiku lolemberana liikeni nthawi imeneyo, ndipo basi ya pa Park Station mubukiretu mwezi wa Novembala usanathe.