Maganizo athu pa nkhani ya nyumba tizikapereka kuti?

Mayi wa ku Bangwe:
Abale, ndigawireniko nzeru. Ine ndimayendera njinga ya olumala chichitireni ngozi ya minibasi, ndipo nyumba ya lendi imene ndikukhala pano ndi yachitatu. Pakhonde pali masitepe atatu. Chitseko cha kuchimbudzi ndinachiyeza ndi tepi ya telala: masentimita 60, pamene njinga yanga ndi 68. Ndiye njinga ndimaisiya pakhomo n'kulowa chokwawa. Chilimwe ndimapirira, koma dzinja likafika, matope ake aja, sindingafotokoze pagulu pano. Wondikweza masitepewo ndi mwana wanga wa Sitandade 7.

Mwezi watha ndinamva zoti kuli msonkhano womva maganizo a anthu pa malo atsopano omangapo nyumba. Ndinachita hayala galimoto, ndalama yoti ndikanagulira ufa. Kufika uko, msonkhanowo uli m'chipinda cham'mwamba! Anyamata awiri akuti, "Mayi, tikunyamuleni." Ndinakana. Munthu wamkulu ngati ine andinyamule ngati thumba la chimanga anthu akuonerera? Ndinakhala pansi pa mtengo mpaka masana. Kenaka mtsikana wina anatsika ndi botolo la Fanta ndi pepala loti ndisaine. Ndinasaina, mwina chifukwa cha ludzu. Pano ndikaganiza mtima umandiwawa, chifukwa m'malipoti mwawo alembamo kuti anthu aulumali anafunsidwa.

Kodi khomo lenileni loti tikagogode ndi liti?

Achimwene a ku Area 25:
Pepani achemwali, koma pepalalo simukanasaina. Ulendo wina mudzalembepo kuti "sindinalowe" pambali pa dzina lanu. Lamulo lili kumbali yanu. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo panganolo limanena poyera kuti boma lizikambirana nafe kudzera m'mabungwe athu pokonza mfundo zotikhudza. Mu 2012 kunabwera lamulo la anthu aulumali, mu 2024 kunabweranso latsopano, limene linasintha bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Lembani kalata, ina ipite ku MACODA, ina ku FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali), ina kwa khansala wanu, ina musunge. Zonena pakamwa zimauluka ndi mphepo. Komanso musapite nokha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, oposa mmodzi pa khumi aliwonse ali ndi ulumali. Kwanuko mungasowe anzanu asanu? Kumudzi kwathu anzathu anachita kulimbikira kuti mmodzi wa iwo akhale mu VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi, osati kumangoitanidwa zinthu zitapsa kale.

Mmisiri womanga, Zomba:
Mayi, ine ndilankhule za ntchito yanga. Felemu ya chitseko ikhale ya masentimita 90, pamenepo njinga imalowa manja osakhula kukhoma. Njira yotsetsereka yokwerera njinga m'malo mwa masitepe ili ndi muyezo wake: ikakwera sentimita imodzi, italike masentimita 12. Masitepe anu atatuwo ngati lililonse ndi masentimita 15, pakufunika njira yopitirira mamita asanu. Ndivomere tchimo langa: ndinamangapo yambiri ya mita imodzi ndi theka, yoti ngakhale wilibala ya mchenga timachita kukankha awiri. Bwana amangoti "ikanipo, oyendera asatidzudzule." Palibe anandibweretserapo munthu wa njinga kuti ayese simenti isanaume.

Mukapita kumisonkhanoko muzipempha kuona pulani. Kukulitsa chitseko papepala ndi nkhani ya pensulo ndi labala. Khoma likaima ndiye nyundo, njerwa zina, simenti ina, ndipo mwini nyumba amayamba kuwerenga ndalama.

Landilodi wina:
Musatiiwale nafenso. Simenti mukuidziwa mtengo wake. Ndikagumula chimbudzi, mawa mwasamuka, wandibwezera ndani? Boma liyambe ndi nyumba zake za Malawi Housing Corporation, ife tionere pamenepo.

Mlongo wanu wosamva, Mzuzu:
Ine masitepe ndimakwera, m'chipindamo ndimalowa, koma ndimatuluka chimodzimodzi inu amene munatsala pansi pa mtengo. Popanda womasulira chinenero chamanja ndimangoona milomo ikugwedera. M'kalata mwanumo muikemonso zimenezi chonde.

Mayi wa ku Bangwe:
Zikomo nonse. A landilodi, lendi ndimalipira pa 1 mwezi uliwonse osaphonya, ndipo kusamukasamukaku n'chifukwa cha zitseko zomwezi. Ndikanapeza cholowa njinga, mukanatopa nane. Amisiri, muyezo uja ndaulemba kuseri kwa buku la kuchipatala. Kalata tilemba Loweruka ndi anzanga awiri a kutchalitchi, wina wosaona, wina woyendera ndodo. Achimwene a ku 25, kodi tiilembe m'Chichewa momwemu kapena mpaka Chingerezi kuti aiwerenge?