Wodwala wanga wakana impso atamva mawu oti "kachirombo"

Nachisale (namwino, wodi ya impso, England): Anzanga ndithandizeni nzeru. Tili ndi bambo wina wakwathu amene amabwera ku dayalisisi (kusefa magazi ndi makina) katatu pa sabata, maola anayi pa makina, chaka chachinayi tsopano. Sabata yatha achipatala anawaimbira cha m'ma 2 koloko usiku kuti impso yoti awaikire yapezeka, koma mwini wake womwalirayo anali ndi hepatitis C. Chingerezi amamva ndithu, koma ndi tulo m'maso anapatsira foni mwana wawo wokulira kuno. Mwanayo anangoti, "Adadi, akuti impsoyo ili ndi kachirombo." Basi, anakana, impso inapita kwa wina. Lolemba ndikuwabaya singano za makina anandinong'oneza kuti, "Sisitala, ndavutika kale, andiwonjezerenso edzi?" Mtima unandiwawa. Fomu anasayina kalekale pamene amalowa pa mndandanda wa odikira impso, koma zikuoneka kuti palibe chimene chinalowa m'mutu. A consultant andipempha ndikhale nawo pansi Lachinayi. Ndiyambire pati?

Achimwene a ku Lab: Achemwali, mwana uja sanalakwitse kumasulira, koma inu mukudziwa kuti kwathu ukangoti kachirombo palibe amene amafunsa kuti kanji. Mawu amenewo muwasiye kaye panja. Tchulani matendawo ndi dzina lake: matenda a chiwindi otchedwa hepatitis C. Ndipo munene msanga kuti amachizika, mapiritsi a masabata 8 mpaka 12, ndipo oposa 95 pa 100 alionse amachira. Mukachedwa kunena zimenezo, makutu amakhala atatseka kale.

Nachisale: Zoona. Ndiye palinso msampha wina. Ndikafika pa tacrolimus ndi anzake, mankhwala oletsa thupi kukana impso yatsopano, ndimayenera kunena kuti "chitetezo cha m'thupi chitsika". Mukuona mmene zikumvekera?

Achimwene a ku Lab: Eeh, mawu a ku ART okhaokha.

Anambewe (mphungu wakale wa HTC, koyezetsa HIV, pano Cape Town): Ine ndikuona mwayi pamenepo, osati vuto lokha. Mmalawi wa msinkhu wa bambo amenewo anamvapo kale zoti ukayezetsa lero n'kupezeka ulibe, ubwerenso pakatha miyezi itatu. Window period anthu athu amaidziwa kuposa azungu ambiri. Ndiye yambirani pa chimene akudziwa: womwalirayo amayezedwa magazi asanachotsedwe impso, koma ngati anatenga matenda masiku ochepa asanamwalire, makina angathe osawaona. Kusiyana kwake n'kwakuti mayeso a NAT amene amagwiritsa ntchito masiku ano amayang'ana kachirombo kenikeniko, ndiye mpata wosaoneka uja watsika kufika pa masiku owerengeka, osati miyezi. Pa hepatitis C, mayeso akale a ma antibody (asilikali amene thupi limapanga polimbana ndi matenda) ankatha miyezi iwiri osaona kanthu.

Koma Sisitala, musawalonjeze kuti impso ina iliyonse ndi yoyera kotheratu. Mu 2007 ku Chicago anthu anayi anatenga HIV ndi hepatitis C kuchokera kwa wopereka mmodzi amene mayeso ake anaonetsa kuti alibe. N'zosowa kwambiri, komabe zinachitika, ndipo munthu ali ndi ufulu womva.

Dokotala wa Ana (Blantyre): Pepani kulowerera, si gawo langa. Koma kumuuza munthu wamantha kale nkhani ya ku Chicago, si kumuthamangitsa kumene? Akana impso zonse, afere pa makina.

Anambewe: A dokotala, sindikuti amuwerengere nkhaniyo ngati nyuzipepala. Ndikuti amene akufotokozayo aidziwe, kuti akafunsidwa "kodi zinachitikapo?" asayankhe kuti ayi. Odwala amanunkhiza bodza.

Mbale wa ku Glasgow (namwino woona za oikidwa impso): Ndigwirizane ndi Anambewe, ndipo kuno si nkhani ya chifundo chabe. Chigamulo cha khoti lalikulu la ku UK (Supreme Court) cha 2015 pa mlandu wa Montgomery chinati wodwala auzidwe choopsa chilichonse chimene munthu wanzeru zake angachione chofunika, kapena chimene iyeyo payekha akuchiona chofunika. Bambo anuwo asonyeza kale chimene chikuwadetsa nkhawa, ndiye nkhani ya HIV muyikambe poyera ngakhale impso ija inalibe HIV.

Nkhawa ya a dokotala ilinso ndi mutu wake. Ku America ankamata impso zina chizindikiro choti "increased risk" (chiopsezo cha matenda n'chokulirapo), ndipo odwala ndi madokotala omwe ankazikana pamene zinali zabwino, zambiri za achinyamata. Mu 2020 anachotsa mawuwo m'malangizo awo. Dzina lokha linkataya ziwalo.

Mmene ndimachitira ine: ndimagawa pepala patatu ndi cholembera, wodwala akuona. Kumanzere, zimene tikudziwa kuti impso ili nazo ndipo tili ndi mankhwala ake, monga hepatitis C, kapena CMV (cytomegalovirus, mtundu wina wa kachirombo) amene anthu ambiri tili naye m'thupi osadziwa. Ngati wopereka ali ndi CMV ndipo wolandira alibe, timapereka mankhwala a valganciclovir kwa miyezi ingapo. Pakati, zimene tayeza osazipeza koma mpata waung'ono ulipo. Kumanja ndimalemba "kudikira". Gawo limeneli anzathu ambiri amaliiwala. Kukana impso si kubwerera pamalo otetezeka, ndi kubwerera pa makina, kumene mtima ukutopa ndipo fistula (mtsempha wolumikizirapo makina) ikhoza kutsekeka tsiku lililonse.

Ndipo zonsezi zikambidwe masana, munthu atadya. Foni ya usiku ikhale yongokumbutsa zimene anasankha kale, chifukwa impso ili mu ayezi siyidikira msonkhano wa banja.

Nachisale: Pepala logawa patatulo ndaba. Nanga ndidziwa bwanji kuti zalowa? Bambowa ndi aja amangoti "chabwino Sisitala, mmene mwaoneramo."

Anambewe: Musafunse kuti "mwamva?" Mkulu wakwathu sangayankhe kuti ayi kwa namwino, ndi ulemu umenewo. Nenani kuti, "Bambo, mayi kunyumba akakufunsani kuti kuchipatala anena chiyani, mukawauza bwanji? Tayesani pa ine." Pamenepo mudzamva pamene pakhota. Ndibwinonso mayiwo abwere nawo, chifukwa usiku uja ndi iwo amene adzakhale pambali pawo.

Achimwene a ku Lab: Kawonjezedwe kakang'ono. Ngati nkhani ingatembenukire koti m'bale wawo wochokera kumudzi apereke impso, kumbutsani timu za malungo, likodzo, TB ndi njoka za m'mimba za strongyloides. Munthu wosambira m'nyanja kuyambira ali mwana sayezedwa ngati wobadwira ku Leeds. Ndipo woperekayo auzidwe payekha, m'chipinda china, kuti ayezedwa HIV ndi hepatitis B. Zotsatira zake si za banja lonse.

Dokotala wa Ana: Izi zikutikhudzanso kuno, popeza odwala athu amakaikidwa impso kunja, ambiri ku India, ndipo wopereka amakhala mchimwene kapena mchemwali. Fomu amasayina m'Chingerezi ali kutali ndi kwawo. Mukalemba mawu anuwo m'Chichewa mutiponyere, ndikawapatse anzathu a ku dayalisisi.

Mbale wa ku Glasgow: Chinthu chimodzi Sisitala: inu mukhalepo ngati namwino, koma pemphani womasulira wovomerezeka, ndipo zilembedwe m'faelo kuti pa foni ya usiku aitanidwe womasulira, osati mwana. Mukumane naye womasulirayo mphindi zisanu wodwala asanalowe, mumuuze za mawu aja awiri, "kachirombo" ndi "chitetezo cha m'thupi chitsika".

Nachisale: Ndabwera kudzapereka lipoti. Tinakhala pansi dzulo, mayi analipo. Chiganizo chimene chinagwira ntchito ndi ichi: "Impso ija inalibe HIV. Inali ndi matenda a chiwindi amene amatha ndi mapiritsi a miyezi iwiri kapena itatu, ndipo tikadakuyezani magazi pafupipafupi mpaka titatsimikiza kuti atha." Bambo anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye ndinataya impso chifukwa cha chikasu?" Mayi ndi amene anabwereza zonse molondola, mpaka za kudikira zija. Avomera kulandira impso ya hepatitis C ikapezekanso. Za gawo lapakati lija akuti akaganize kaye, abwera ndi yankho Lolemba. A dokotala, pepala la Chichewa ndikulitaipa usiku uno, koma CMV ndikusowa poigwira. Ndingolemba CMV momwemo, kapena alipo ali ndi mawu abwino?